Nthaka Ikayamba Kuyenda Ngati Bwato

Zainabu mwana wanga,

Salaamu aleikumu. Ndikulemba nditakhala pansi pa chisakasa choyanikira matemba kuno ku doko la Kachulu, dzuwa litapendeka pang'ono, nthawi ija ngakhale ntchentche zimatopa. Amayi ako ndawauza kuti ndikukasoka ukonde. Ukondewo ulipo ndithu, ndaukhalira. Mawa m'mawa ukukwera minibasi ya ku Zomba, kenako mabasi ako aatali aja mpaka ku Karonga kukayamba unamwino, ndipo pali nkhani imene yandikanika pakamwa kuyambira uli wakhanda. Ndayiika papepala. Usatsegule pano. Ukawerenge utadutsa Songani, pamene sungathenso kutsika kuti udzandiyang'ane m'maso.

Chibwerere kalata yako ya ntchito ndasanduka munthu wa wailesi, ndipo iwe wakhala ukundiseka. Sabata siitha osamva kuti kwinakwake nthaka yagwedezeka, nyumba zagwa, anthu akukumba anzawo ndi manja. Iwe mwini unandionetsa pa foni nyumba yosanjikizana ikupindika ngati mphasa yonyowa. Ndiye kumene akutumiza iwe ndi ku Karonga, kumene ndikukumbuka nthaka inavuta masabata angapo, anthu n'kumagona panja mvula ikuwagwera chifukwa choopa makoma awo omwe. Dzana nditakuuza nkhawa yangayi unandigwira phewa n'kunena kuti, "Ababa, musavutike. Ine ndine mwana wanu. Zinthu zikagwedezeka ndimakhala pansi phee mpaka zithe." Unkafuna kunditonthoza. Koma mawu amenewo ndi amene andilanda chilakolako cha chakudya masiku awiri ano, chifukwa ukakachita zimenezo m'nyumba ya njerwa, ndidzakhala ndakupha ndine.

Ndine ndinakuphunzitsa, sindikukana. Unali ndi zaka zisanu tsiku loyamba kukwera bwato langa kupita ku Chisi kwa azakhali ako. Pakati pa nyanja mphepo inadzuka, bwato n'kuyamba kuvina, iwe n'kuimirira kufuna kuthawira kwa ine. Ndinakukalipira kamodzi kokha: khala pansi! Unakhala, manja utagwira m'mphepete. Titafika ndinakugulira zitumbuwa ziwiri n'kuuza aliyense pa doko kuti mwana wanga ndi msodzi. Kuyambira pamenepo chilichonse chikavuta umakhala pansi. Galu akakuthamangitsa, aphunzitsi akakalipa, mayeso akakukanika, iwe phee, kudikira kuti funde lidutse. Pamadzi lamulo limeneli lapulumutsa anthu ambiri, chifukwa bwato limagubuduzika ndi munthu wothawa. Koma ndinaiwala kukuuza kuti ndi lamulo la pamadzi pokha.

Iwe chimbowera unangochiona patali, sindinalole kuti ukagoneko. Ndi nyumba yathu asodzi mkati mwa nyanja. Timapinda njedza ndi udzu wa m'madzi, kuunjika, kupondaponda mpaka pakhale poti munthu angaime, kenako n'kumangapo kachisakasa. Pansi pake palibe dothi, ndi madzi okhaokha. Ndinkakhala kumeneko miyezi iwiri kapena itatu osaponda mtunda. Ukatembenuka m'tulo nyumba yonse imatembenuka nawe. Mnzako akatsokomola kuseri kwa udzu umamva m'nthiti mwako. Nthawi zina mphepo inkadula chigawo chonse cha udzu n'kutiyendetsa ife osadziwa, m'mawa n'kudzuka phiri la Chisi lili kumanzere pomwe dzulo linali kumanja, nkhungu ili mbuu, akakowa ataima pamadzi ngati pali bwalo. Ukafuna kuswali unkayamba wafunafuna dzuwa kuti udziwe kumene chibula, mbali ya ku Maka ija, chapita, chifukwa mkeka umene unayala bwinobwino dzulo lero wayang'ana ku Mulanje. Malo amenewo ndinkawakonda, Zainabu, sindikubisa. Munthu umaiwala kuti lero ndi lachingati. Tiyi m'kapu amapendekera uku, kupendekera uko, iwe n'kumangomwa osadabwa.

Chovuta chimabwera ukatsika pa doko. Mtunda ndi umene umayamba kuyenda. Masiku atatu, anayi, miyendo imafunafuna funde limene kulibe, ndipo umayenda motang'adza ngati bakha. Ku msika wa Songani ankatiloza kuti taledzera, chikhalirecho enafe mowa sitinaulaweko chibadwire. Ukagona pamphasa m'nyumba mwako umamva pansi pakupita n'kubwera, pang'onopang'ono, mokoma. Ukumbukire zimenezi, chifukwa ndi zimene zinandipusitsa.

Cholakwa changa choyamba chinali nyumba ija, imene malo ake pano amayi ako amadzalapo therere. Ndinamanga ndi zidina, njerwa zosawotcha, ndipo ndinkafuna italike kuposa ya mlamu wanga, basi chifukwa chake chinali chimenecho. Mmisiri anandiuza kuti khoma losongoka la kumutu kwa nyumba latalika kwambiri, lifunika kulimanga pamodzi ndi mitengo ya denga. Ndinamuyankha kuti ine ndamanga nyumba pamadzi zosagwa, sangandiphunzitse za pamtunda. Malata ndinakhomera misomali yochepa, ndipo mphepo ya mwera itayamba kuwasewera ndinakwezapo miyala ikuluikulu, ina yoti amuna awiri anyamule. Anthu onse kuno amatero, nanenso sindinaonepo vuto. Ndiye iwe ukakafika kunyumba imene akakupatse kapena imene ukachite lendi, usayambe ndi kusirira simenti yapansi monga umachitira. Yamba ndi kuyang'ana m'mwamba. Ona chimene chili pamwamba pa mutu wako ukagona. Zungulira kunja, ufufuze ming'alu, makamaka m'makona ndi pamwamba pa zitseko. Mng'alu woti chala chako n'kulowa, nyumba imeneyo ikane ngakhale ili pafupi ndi chipatala. Bedi lako lisagundane ndi khoma lalitali, ndipo pamwamba pa kabati usasanjikepo masutikesi ako olemera aja.

Cholakwa chachiwiri chinali chitseko. Ndikabwera kunyanja ndinkabwera ndi matumba a matemba ouma, ndipo poopa akuba ndi amphaka ndinkawaunjika m'nyumba kuseri kwa chitseko, njinga n'kuitsamiritsa pomwepo. Chitseko chinkatseguka theka, munthu n'kumatuluka chammbali. Amayi ako anadandaulapo kawiri. Ine ndinati chuma sichigona panja. Iwe watengera ine pamenepa, usakane, ndaona chipinda chako: ndowa kuseri kwa chitseko, nsapato mbwee, kiyi uyenera kumufunafuna m'zikwama zitatu. Kumeneko usakatero. Njira yochokera pabedi kufika panja ikhale yoti ungayende utatsinzina. Kiyi akhale pa msomali umodzi tsiku lililonse. Pafupi ndi chitseko pakhale kachikwama kamene muli tochi, chitenje, botolo la madzi, ndi mapepala ako a sukulu atakulungidwa m'pulasitiki. Anzako akakuseka, aseke. Tsoka silinunkha.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikuzemba. Nkhani ya mwendo wa amayi ako umaidziwa theka. Umadziwa kuti kunachita chivomezi uli ndi miyezi inayi, khoma n'kuwagwera, ine n'kukukumbani nonse awiri ndi manja mpaka zikhadabo kuzuka. Uli sitandade sikisi unalemba chimangirizo cha munthu wolimba mtima amene umamudziwa, ndipo unalemba za ine. Unandiwerengera pakhonde, ine n'kumangogwedeza mutu. Zonse unalembazo n'zoona. Chimene sunalembe n'chakuti amayi ako anali ataimirira kale, iwe uli m'manja, ndipo panatsala mapazi atatu kuti afike pachitseko.

Anali masana, mvula itangotha kumene, makoma akadali ndi chinyezi. Ine ndinali nditatsika ku chimbowera dzana lake. Titaswali ndinagona chagada pamphasa, amayi ako atakhala chapafupi akukuyamwitsa. Ndinamva kulira ngati lole yolemera ikubwera kutali pa msewu wa ku Zomba. Kenako pansi panayamba kuyenda. Ndikuuze zoona, mwana wanga, ndinamva kukoma. Ndinaganiza kuti ndi miyendo yanga ija, ndi nyanja imene yanditsatira kunyumba monga mwa masiku onse. Maso anali akutsekeka, ndipo m'mutu mwanga ndinali pa udzu paja, nkhungu ikubwera. Mbale zinayamba kulira m'dengu, ine osadzidzimuka.

Amayi ako anadzambatuka. "Bambo ake Zainabu, chivomezi ichi! Tiyeni panja!"

Sindinaganize n'komwe. Dzanja linapita lokha, monga lapitira kambirimbiri m'bwato munthu akaimirira. Ndinagwira chitenje chawo n'kukoka.

"Khala pansi! Utigubuduza!"

Anakhala. Anandiyang'ana, n'kukhala pansi, iwe akukufungatira. Kugwedezeka kunaleka kanthawi kochepa, kokwanira kuti munthu atuluke n'kukafika pa mtengo wa mango, ndipo ine ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti mwaona, zatha. Pamenepo kunabwera kwachiwiri. Ndinamva miyala yanga ikugubuduzika pa malata. Khoma langa lalitali lija linaweramira mkati pang'onopang'ono, ngati munthu wofuna kupereka moni, ndipo amayi ako anakugonera pamwamba. Fumbi litachepa ndinkangomva iwe ukulira pansi pa zidina. Anthu anabwera kudzathandiza koma chitseko chinakana, matumba anga anali atagwera pomwepo, mpaka anachita kuthyola zenera.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti chivomezi chimenecho chinali chaching'ono. Ukafunsa anthu kuno ambiri sakuchikumbukira. Mudzi wonse unatuluka, ana, nkhalamba, ngakhale a Bwanali amene anali ndi malungo, onse anaima panja n'kumaseka mantha awo. Panagwa khitchini imodzi, chimbudzi chimodzi, ndi nyumba yanga. Munthu wovulala anali mmodzi, ndipo anali yekhayo amene anayamba kudziwa chimene chikuchitika.

Ku chipatala ku Zomba anakhalako nthawi yaitali, fupa n'kulumikizana mofupika. Tsiku lina ndikuwamwetsa phala anandiuza kuti, "Zoti munandikoka zithere muno. Mwanayu asadzamve. Mwana wamkazi amafunika bambo woti aziwakhulupirira." Ndinavomera msanga, ndipo ndikuchita manyazi ndi msanga umenewo. Ndinalandira ulemu wa munthu wokumba, n'kumaudya zaka zonsezi. Choipitsitsa, patapita zaka zisanu ndinakukweza m'bwato n'kukuphunzitsa mawu omwewo, osawonjezerapo kanthu. Ndinkati ndidzakuuza ukakula. Unakula, ine n'kumati ukamaliza sukulu. Wamaliza, ndipo mawa ukupita kumene nthaka ili ndi mbiri.

Pali loto limene limandibwerera kawirikawiri. Mudzi wathu wonse umaduka kumtunda ngati udzu wa chimbowera, nyumba, mzikiti, mbuzi, mitengo ya mango, n'kumayandama chapansipansi kudutsa Chisi. Palibe wolira. Azimayi akupeta mpunga, ana akusewera fulaye, ndipo amayi ako akuyenda m'mphepete atasenza ndowa, miyendo yonse iwiri yofanana, akufulumira monga ankachitira ndisanawakwatire. Ndimawaitana koma samva. Ndikadzuka ndimamva ndodo yawo panja, kho, kho, akupita kukatunga madzi.

Chaka china nyanja itauma, iwe uli ku sekondale, ndinayenda wapansi mpaka ku Chisi. Mabwato anali gone pa dothi long'ambika, njinga zikudutsa pamene ndinkatchera maukonde. Ndinaima pakati n'kumaganiza kuti ngati madzi angasanduke msewu, nthaka nayo ingasanduke madzi tsiku limene Mulungu walola. Ife asodzi timadzitama kuti timadziwa kuwerenga mphepo ndi mitambo, koma nthaka sitinaiphunzire. Ine ndinali katswiri pamalo pamodzi, n'kuganiza kuti ndine katswiri paliponse. Iwenso wapita kusukulu, ukudziwa zinthu zimene ine sindingazitchule n'komwe, ndiye usamale ndi matenda omwewa. Ukafika, funsa anthu a kumeneko, azimayi osesa m'chipatala, alonda, ogulitsa nthochi. Iwo anagonapo panja. Akuuze kuti zimayamba bwanji ndipo iwo amathawira kuti.

Ndiye tamvera bwino, ndibwereza ngakhale utope nane. Ukamva kulira ngati lole koma msewu uli zii, mbale zikayamba kuyankhulana zokha, usadikire kuti utsimikize. Usaganize kuti ndi chizungulire cha ntchito kapena njala. Ngati chitseko chili pafupi, tuluka, upite pabwalo poyera, kutali ndi makoma, mipanda ya njerwa ndi mawaya a magetsi. Ngati chitseko chili kutali, pa wailesi amati ulowe pansi pa tebulo lolimba kapena bedi, ubise mutu, ugwire mwendo wa tebulolo mpaka kugwedezeka kuleke, ukatero utuluke. Kumeneko si kukhala pansi kwanga kuja. Kwanga kunali kudikira khoma popanda chotchinga mutu. Kukaleka usabwerere m'nyumba kukatenga foni, chifukwa chachiwiri chimabwera, ndipo kwathu ndi chimene chinagwetsa. Ndipo ngati chakupeza ukusamba, iwe amene sutuluka ngakhale pakhonde opanda mpango kumutu, kokera chilichonse chili pafupi uthamange. Mulungu amadziwa kusiyanitsa. Mbewa ya manyazi inafera ku dzenje.

Ndikudziwa chimene ukunena mumtima, kuti nanga odwala. Sindingakuuze kuti uwasiye, ndipo ngakhale nditakuuza sungamve, ndiwe mwana wa amayi ako. Koma uganizire zimenezi nthaka ikadali chete. Sabata yoyamba yomweyo yenda m'chipatalamo uwerenge zitseko, udziwe chimene chimakhala chokhoma ndi amene amasunga kiyi wake. Ukalowa m'wodi m'mawa uliwonse, maso ako aone kuti ndani angayende yekha, ndani afunika kunyamulidwa, ndi mayi uti ali ndi khanda. Ugwirizane ndi anzako malo amene mudzakumane panja. Tsiku la tsikulo mutu sugwira ntchito, chimagwira ndi chizolowezi. Ine ndine mboni, dzanja langa silinandifunse.

Ndinafika apa n'kuima, chifukwa ndinaona amayi ako akubwera m'njira ya ku doko. Munthu sungawasokoneze ndi wina ngakhale ali kutali, phewa limodzi limatsika, lina n'kukwera. Anabweretsa tiyi m'fulasiki. Anayang'ana mapepalawa, n'kuyang'ana ine.

"Mukulembera mwana?"

"Eya."

"Mwalemba zija?"

Ndinati ndalemba. Ndinkayembekezera kuti akalipa, poti ndaphwanya pangano la zaka makumi awiri ndi zinayi osawafunsa. Anakhala pa bwato lovundikira, n'kutambasula mwendo uja monga amachitira ukamawawa, n'kunena kuti ndiwawerengere kuyambira pamwamba. Ndawerenga zonse. Pa za chipinda chako anaseka. Pa za loto anayang'ana kunyanja nthawi yaitali. Nditamaliza anati:

"Mwalemba bwino, koma mwadzikweza. Mukuganiza kuti dzanja lanu linali ndi mphamvu zondikhazika pansi? Chitenje ndikanachisiya m'manja mwanu, ine n'kutuluka ndi mwana wanga. Ndinali mtsikana wothamanga."

Ndinafunsa kuti nanga anakhaliranji.

"Ndinakhala chifukwa munanena ndinu. Miyendo inkadziwa, mimba inkadziwa, koma ndinati bambowa amadziwa zoopsa kuposa ine. Lembani zimenezo. Mwanayu amakumverani kuposa mmene ndinkakumverani ine."

Ndalemba monga anenera, ndipo akuyang'anira kuti ndisachotsepo liwu.

Sindikudziwa kuti ukamaliza kuwerenga udzandiona bwanji. Mwina ukafika sudzaimba foni masiku angapo. Ndidzapirira, ndi zanga. Ulemu umene unandipatsa pakhonde paja sunali wanga wonse, ndipo kuli bwino ndiutaye iwe uli moyo. Mulungu akutsogolere pa msewu wautaliwo, akupatse manja ofewa kwa odwala ndi anthu abwino okhala nawo pafupi. Uziswali, uzidya, uziimbira amayi ako Lachisanu lililonse ngakhale ine usandifune.

Koma ichi chokha usachitaye, Zainabu. Tsiku lina pansi padzayenda, mwina chaka chino, mwina uli ndi imvi. Pa nthawi imeneyo udzamva mawu m'mutu mwako, aukali, odziwa zinthu, mawu amene sanakunamizepo pamadzi, akuti khala pansi. Adzakhala mawu anga. Moyo wako wonse wandimvera, ndipo palibe bambo pa doko lino amene ananyadira mwana monga ndanyadira iwe. Tsiku limenelo usandimvere. Dzuka uthamange.

Ndine bambo ako,
Idrisa